Ndinasiya mlongo wanga pa kaunjika

Nkhani imene ndikuulula pano anthu a kwathu ku Kasina saidziwa. Chimene amadziwa n'chakuti tsiku lopempherera mzimu wa Ambuye Rémi Sainte-Marie ine ndinayankhula bwino, m'manja mulibe pepala, ndipo mpaka lero ndikapita kumudzi akuluakulu ena amandigwira dzanja nthawi yaitali akundikumbutsa za tsikulo. Odziwa zenizeni tilipo atatu: amayi, mkazi wanga ndi ine. Ndatopa kulandira ulemu umene pansi pake pali kuba.

Uthenga woti Ambuye Rémi atisiya unandipeza ku Lilongwe, kumene ndimaphunzitsa. Anamwalira pa 18 Juni 2022 ali ndi zaka 84. Patapita masiku angapo akatekisiti a kunthambi kwathu, katchalitchi ka njerwa zowotcha kamene kali pansi pa parishi ya Kasina, anandiimbira foni. Anati akhristu agwirizana zopereka Misa, popeza ambiri a ife tinalandira Ulimbitso m'manja mwa malemuwo, ndipo Bambo avomera kudzafika Lamulungu lina m'mwezi wa Julaye.

"Aphunzitsi," anatero, "inu ndi amene muli pafupi ndi mabuku. Mutilembere mbiri yawo, mudzatiwerengere Misa ikamatha. Mukapezanso chithunzi chachikulu choti tidzaike kutsogolo, mudzakhala mutatigwira mkono."

Ndinavomera iwo asanatsirize n'komwe. Ndisabise, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe chosayenera pa nkhani ya maliro. Kumudzi ndinachokako ndili kamnyamata kong'ambika zidendene, ndipo kwa zaka zambiri ndinkalakalaka tsiku loti ndidzaime pamaso pa anthu amene anandiona ndikudyetsa mbuzi, andimve ndikutchula mayina a Chifalansa lilime losapunthwa.

Mausiku anayi ndinagonera pa mbiriyo, kandulo ili pambali. Rémi Joseph Gustave Sainte-Marie anabadwa pa 11 Januwale 1938 ku La Minerve, kamudzi ka nkhalango ndi tinyanja m'chigawo cha Québec ku Canada, kumene anthu amayankhula Chifalansa ndipo miyezi ingapo pa chaka nthaka imakhala itakwiririka ndi chipale. Ife a kumapiri a Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kumeneko nyanja imauma mpaka munthu n'kuyenda pamwamba pake. Anadzozedwa unsembe mu 1963 m'chipani cha Amishonale a Africa, chimene tonse timangoti White Fathers. Chaka chotsatira dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira. Ndiye kuti unsembe wa munthuyu ndi ufulu wa Malawi zinali za msinkhu umodzi, zinakulira limodzi, ndipo pafupifupi zaka zonsezo anazithera pakati pathu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mzere wa maepiskopi a Dedza. Dayosizi yathu ndiyo inayamba kukhala ndi episkopi wachimalawi, Ambuye Cornelius Chitsulo, mwana wa kufupi ndi Mua, yemwenso anali wansembe woyamba wachimalawi mu 1937 ndipo anadzozedwa episkopi mu 1957. Iwo atamwalira mu 1984 ndodo inapita kwa Ambuye Gervazio Chisendera. Kenako mu 1998 Bambo Rémi anasankhidwa kukhala episkopi wothandizira, ndipo mu 2000 anakhala pa mpando wa ku Bembeke. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, cholembera chili m'kamwa. Mzungu kudzakhala pampando pamene panakhala kale eni nthaka awiri, m'dayosizi imene imanyadira kuti ndiyo inatsegula njira. Ndinafufuza m'mutu mwanga ngati ndili mwana ndinamvapo wina kwathu akuwatchula kuti mlendo. Sindinapeze. Tinkangoti Ambuye akubwera, amayi n'kuyamba kusinja, anyamata n'kuyamba kulambula msewu. Munthu akayankhula chinenero chanu zaka makumi angapo, akadya nsima yanu ndi kuika maliro anu, khungu lake mumasiya kuliona. Mawu amenewa ndinawalemba papepala, ndipo ndinawakonda.

Chithunzi ndiye chinandivuta. Pa intaneti zinalipo, koma zonse zinali za kutauni, Ambuye ali pakati pa anthu a masuti. Ine ndinkafuna chathuchathu, chowaonetsa ali pa nthaka ya kwathu. Ndipo ndinkadziwa kumene chinali.

Mu 2001 mlongo wanga, amene ndinapondana naye, analandira Ulimbitso ku Kasina ali ndi zaka 14. Masiku amenewo kunali ojambula oyenda pa njinga, kamera ili m'khosi, amene ankafika pa zikondwerero za mpingo, kujambula, n'kudzabweretsa zithunzi patapita milungu iwiri kapena itatu. Amayi anagulitsa ndowa ya mbatatesi kuti mwana wawo ajambulidwe. Chithunzicho chinali chaching'ono, chokwana pachikhatho: Ambuye Rémi atavala chisoti chawo, atawerama pang'ono, chala chachikulu chili pamphumi pa mlongo wanga, iye atavala diresi loyera lobwereka limene linkamukulira m'mapewa.

Patangopita miyezi yochepa inagwa njala ya 2002. Amene anaiona safuna kuikumbuka. Anthu anadya gaga, gaga itatha anakumba zitsa za nthochi, ena anathyola chimanga chisanakhwime n'kudzipalira njala ina ya m'tsogolo. Pamwamba pa njalayo panabwera kolera. Mlongo wanga anadwala Lachiwiri, Lachinayi tinamuika. Ine ndinali ndi zaka 11.

Kwa ife Achewa mlongo si m'bale chabe. Ndiye mbumba yako. Ana ake akananditchula atsibweni, ukwati wake ndikanaimira ndine, milandu ya pakhomo pake ikanafikira kwa ine. Zonsezo zinapita naye, n'kutsala kachithunzi kamodzi. Wojambula uja sanaonekenso, filimu yake sitidziwa kumene inathera. Amayi anakasunga m'buku la mapemphero, bukulo atalikulunga mu mpango, mpangowo uli pansi pa zovala m'sutikesi yachitsulo imene imakhala kunsi kwa bedi.

Kutatsala mlungu umodzi kuti Misa ija ichitike ndinapita kumudzi. Madzulo tikuotha moto m'khitchini ndinayamba.

"Amayi, mundibwereke chithunzi chija ndikachikulitse kutauni. Chidzakhale kutsogolo m'tchalitchi, anthu onse adzamuone."

"Ayi, mwanawe. Chimenecho sichituluka m'nyumba muno."

Ndinafotokoza za makina a masiku ano, kuti sachiwononga, kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa, kuti ndidzabwera nazo ziwiri, chaching'ono ndi chachikulu cha mu felemu. Anandimvetsera mpaka ndinatsiriza, akusonkhezera chitsononkho pamoto.

"Ndamva. Koma ndati ayi. Wofuna kuchiona adzachionera pompano."

M'mawa mwake analawirira kudimba kukathirira mpiru. Ine ndinalowa kuchipinda kwawo, malo amene mwana wamwamuna wamkulu salowako wamba, ndinakoka sutikesi, ndinamasula mpango. Chithunzi ndinachiika mu envulopu, buku ndinalikulunganso monga ndinalipezera. Manja ankanjenjemera, koma mumtima ndinkadziuza kuti akadzaona mwana wawo ali wamkulu mu felemu yagalasi adzaiwala kuti anakana. Ndinkati ndikubwereka. Munthu wobwereka sadikira kuti mwini wake apite kudimba.

Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, chifukwa namondwe wa Ana anali atawononga damu la Kapichira mu Januwale. Lachiwiri nditaweruka ndinapita kwa ojambula ena ku Old Town, ndinapeza ali chikhalire mumdima. Lachitatu anali ataliza jenereta, koma mtengo umene anatchula unandibweza. Kwacha inali itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi, ndipo mapepala a zithunzi ndi inki, zonse zochokera kunja, zinakwera nthawi yomweyo. Lachinayi ndinakongola ndalama kwa mnzanga wa kuntchito. Lachisanu magetsi kunalibenso. Mnyamata wa pamenepo, waulemu ndithu, anati, "Bwana, ingochisiyani, akangoyaka ndikuchitirani, mudzatenga mawa." Ndinakana. Ndinati chinthu ichi sindingachisiye m'manja mwa munthu wina, chingatayike.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidzutsa usiku kuposa zonse. Masiku asanu onsewo foni yanga inali m'thumba, ndipo ili ndi kamera. Ndinaganizapo kamodzi, Lachitatu usiku, chithunzi chili patebulo pafupi ndi kandulo. Ndinati kuwala sikukwanira, ndijambula mawa kukacha.

Loweruka m'mawa magetsi analipo, koma makina osindikiza zithunzi zazikulu anali atatha inki, ndipo panali mzere wa anthu ofuna zithunzi za ziphaso. Ndinaona kuti zakanika. Ndinaganiza zongopita kumudzi, kukabwezera chithunzi m'buku amayi asanadziwe, akatekisiti n'kukawauza kuti magetsi andilepheretsa. Mumtima munapepuka. Envulopu ija, momwe munali chithunzi ndi masamba atatu a mbiri, ndinaiika m'thumba la m'kati la jekete yanga yofiirira, yakale, yong'ambika pang'ono pachigongono chakumanzere.

Ndikanangopita kudepoti. Koma m'thumba la buluku munali ndalama ija ndinakongola, imene tsopano inalibe ntchito, ndipo njira yanga inadutsa pamsika wa kaunjika. Belo la majekete linali litangotsegulidwa kumene. Anthu anali atauzinga mulu, wina kukoka mkono, wina kukoka kolala, wogulitsa ataima pamwamba akukuwa mitengo. Maso anga anagwera pa jekete yakuda. Ndinadziona nditaivala, nditaima pafupi ndi guwa. Ndinaganiza za chigongono chong'ambika chija, kuti ndikakweza pepala amayi a kwaya adzachiona.

Ndinavula yanga n'kuika m'mphepete mwa mulu. Yakudayo inandikwana ngati anachita kundiyeza. Kamnyamata kena kanandigwirira kalilole wosweka, ndinatembenuka uku ndi uku, tinanenerera mtengo nthawi yaitali mpaka wogulitsa anati nditenge. Ndikulandira chenje, woitanira minibasi anali atanyamula kale chikwama changa akuthamanga nacho. "Dedza, Ntcheu! Tiyeni akulu, watsala mmodzi!" Ndinamuthamangira kuopa kuti chikwama chingapite. Ndinakhala pampando wakumbuyo, ndinakonza kolala, galimoto inanyamuka.

Titadutsa Nanjiri ndinati ndiwerengenso mbiri ija kuti ikhazikike m'mutu. Ndinapisa dzanja m'thumba la m'kati. Munali kapepala kamodzi kofota, kolembedwa m'chinenero chimene sindichidziwa, ka mwini jekete woyamba. Ndinapisa thumba lina. Ndinapisanso loyamba lija. Thupi lonse linazizira ngati andithira madzi a m'mtsuko, kenaka thukuta linayamba kutsika m'msana. Ndinakuwa kuti aime, anthu anadabwa, wina anafunsa ngati ndaberedwa. Ananditsitsa pa Nathenje.

Galimoto yobwerera inachedwa kudzaza. Pamene ndinkafika pamsika paja panali patapita maola oposa awiri, ndipo mulu unali utatsika kufika m'mawondo. Wogulitsa anandizindikira chifukwa cha jekete yake. Nditamufotokozera anagwira pakamwa.

"Bwana, zofiirira lero ndagulitsa zinayi kapena zisanu. Ine ndikaona jekete pamulu ndimayesa yanga."

Analibe mlandu. Ndani angazindikire jekete yakale imodzi pakati pa majekete akale mazana? Anasiya malonda ake, tinagwada tonse awiri n'kuyamba kufukula, jekete imodziimodzi, kupisa thumba lililonse. Anzake oyandikana nawo anabwera kudzathandiza. Mayi wina wogulitsa mabulangeti atamva kuti ndi chithunzi cha malemu, anazungulira msika wonse akufunsa. Pobwera anandiuza mosabisa kuti m'mawa belo likatsegulidwa amene amayamba kugula ndi opikula, otenga khumi kapena makumi awiri kukagulitsa m'misika ya kumidzi. Pofika nthawi imeneyo jekete yanga inali pa njinga kapena pa lole, kulowera ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Mponela, kaya kuti.

Ndinakhala pamenepo mpaka anayamba kumanga mitolo. Wogulitsa uja anafuna kundibwezera ndalama kuti atenge jekete yake yakuda. Ndinakana, chifukwa sizikanabweza kanthu, ndiponso kunali kutayamba kuzizira.

Mkazi wanga atandiona ndikulowa pakhomo, munthu amene anatsanzikana naye m'mawa, anadziwa kuti kwagwa zina. Ndinamuuza zonse, kuyambira pa sutikesi. Sanandikalipire. Ndinati ndiimba foni kwa akatekisiti, ndinene kuti ndadwala malungo.

"Bambo a mwana, mwaba kale. Mukufuna munamenso? Pitani. Mukawauze amayi ndi pakamwa panu."

Ndinanyamuka tambala woyamba atalira. Ndinatsika pa Linthipe dzuwa likutuluka, ndinakwera njinga yamoto. Nkhungu inali itagona m'madambo, phiri la Nkhoma likuonekera nsonga yokha, mphepo ikulowa m'makutu ngati singano. Tinadutsa pamishoni, pa nyumba zakale zimene zinali seminale yaing'ono, kumene masiku ano anyamata ofuna unsembe amayambira chaka chawo cha maphunziro a uzimu. Pabwalo la tchalitchi chachikulu, pamene mlongo wanga anajambulidwa, ndinayang'ana kumbali. Kunthambi kwathu ndinafika akuwerenga Mthenga Wabwino. Kutsogolo anali ataika kachithunzi ka Ambuye kodula pa kalendala yakale, atakamata pa katoni, maluwa a m'munda atazunguliza. Kanali kokwanira. Palibe amene ankasowa changa chija.

Atatha kulandira Ukaristia, akatekisiti ananditchula dzina. Ndinaimirira miyendo ilibe mphamvu, m'manja mulibe kanthu. Koma mbiri ija ndinali nditailemba ndi kuikonza kambirimbiri, ndipo nditangotsegula pakamwa inayamba kutuluka yokha.

Ndinayambira kutali. Ndinawauza za Charles Lavigerie, Arkiepiskopi wa ku Algiers, amene anayambitsa chipanichi mu 1868, ndi kuti dzina loti White Fathers silinachokere pakhungu koma pa mkanjo woyera wa Chiarabu umene ankavala, korona ili m'khosi. Ndinanena za ulendo wawo woyamba kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, umene unatha mu 1891, ndi za kubweranso kwawo mu 1902 pamene anamanga ku Mua, kunsi kwa mapiri athu omwewa, kenako ku Kachebere mu 1903 ndi ku Bembeke mu 1910. Ndinatchula Bambo Jean-Baptiste Champmartin, amene makolo athu analephera kutchula dzina lawo n'kuwapatsa loti Chamare, dzina limene lero lili pa nyumba yosungira za chikhalidwe ku Mua. Agogo ena kumbuyo anavomera ndi mutu. Ndinati Ambuye Rémi anali mphukira ya mtengo umenewo. Ndinayenda nawo kuchokera ku La Minerve mpaka ku Bembeke, kuchoka ku Bembeke kupita ku Lilongwe mu 2006, kumene analowa m'malo mwa Ambuye Felix Mkhori mu 2007, nakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lilongwe mu 2011, napuma mu 2013 kusiyira Ambuye Tarcisius Ziyaye. Ndinati zaka pafupifupi 59 za unsembe si ulendo wodzacheza. Mnyamata amene anasiya makolo ake ali ndi zaka za m'ma 20 anakalambira pakati pa ife, ndipo maliro a abale ake ambiri ayenera kuti anawamvera kutali monga mmene ana athu a ku Joni amamvera athu. Ndinanenanso mawu anga okondedwa aja, a nsima ndi khungu.

Sindinaphonye chaka ngakhale chimodzi. Nditatsiriza amayi a m'tchalitchi analuluta, abambo anaomba m'manja, Bambo anandithokoza pamaso pa onse nati achinyamata atengere chitsanzo. Zimene ndinanena zinali zoona, ndipo ndinazinena ndi mtima wonse, chifukwa munthuyo ndinkamulemekezadi. Koma nthawi yonseyo maso anga ankathawa mbali ya kumanzere, mzere wachitatu, pamene panakhala amayi. Iwo okha sanalulute. Anali atapinda manja pamiyendo akuyang'ana jekete yanga.

Anthu atabalalika anandiyandikira. "Tiye kunyumba."

Njira yonse sitinayankhule. Titafika anayala mphasa pakhonde, anakhala, ine ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Ndinatsegula Lachiwiri," anatero. "Mfundo ya mpango sinali yanga. Ndakhala ndikudikira. Bweretsa."

Ndinagwada. Ndinawauza zonse monga ndazilembera pano, osasiya za foni, osasiya za kalilole. Pamene ndinafika poti jekete inagulitsidwa, anatulutsa mawu amodzi okha, aang'ono, ngati munthu amene waponda munga, kenako anakhala chete. Nkhuku zinkadutsa pabwalo. Ndinkafuna atandimenya, atandilalatira, atanditemberera. Anangokhala.

Patapita nthawi anafunsa, "Masiku onsewo unali nacho, unachiyang'anako?"

Ndinati eya.

"Kumutu anavala chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinkaona chisoti cha Ambuye, ndinkaona mtanda wa pachifuwa pawo, ndinkaona chala pamphumi. Za kumutu kwa mlongo wanga sindinathe kunena. Munthu amene maola awiri apitawo ndinalakatula zaka za anthu a ku France ndi ku Canada popanda pepala, ndinalephera kunena ngati mwana wa amayi anga anavala duku kapena ayi. Mlungu wathunthu ndinkayang'ana chithunzicho ngati chithunzi cha episkopi.

"Sanavale kanthu," anatero amayi. "Ndinamuluka ndekha usiku wake, mizere isanu ndi umodzi yopita kumbuyo. Wa kumanzere unakhota chifukwa nyali inatha mafuta. Paphewa pake pali dzanja la amayi ake a ubatizo, zala zokha ndi zimene zikuoneka. Kumapazi anavala nsapato zanga, tinaikamo mapepala kutsogolo. Maso anatsinzina."

Ananena pang'onopang'ono, akuyang'ana pabwalo, ngati akuwerenga.

"Tsiku limenelo ana anali ambiri, mzere unatulukira kunja, dzuwa linali litakwera. Wojambula uja kamera yake inavuta nthawi imene mwana wanga anafika kutsogolo. Ine ndili kumbali ndinkati basi, mbatatesi yanga yapita pachabe. Koma Ambuye anaona. Anadzoza mafuta, ananena mawu ake, koma chala sanachichotse. Anadikira mpaka munthu uja anakonza n'kujambula. Mzere wonse unaima chifukwa cha mwana wa ine. Iwe wanena zambiri m'tchalitchi muja, zabwino. Ine chimene ndimawadziwira ndi chimenecho."

Atatero anadzuka n'kulowa m'khitchini. Ndinamva akutsuka m'phika. Anandiphikira nsima ndi mpiru wotendera, anandiikira madzi osamba m'manja monga amachitira masiku onse, ndipo ndinadya chifukwa kukana kukanakhala kuwalakwiranso. Pondiperekeza madzulo anafika pa mtengo wa mango wa kumalire, pamene amabwererapo nthawi zonse. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe kachiwiri. Anangoti ndikapereke moni kwa apongozi awo ndi kwa mwana.

Kwa wansembe ndinakalapa mwezi womwewo, ku Lilongwe, kumene sandidziwa. Ngongole ya mnzanga ndinabweza. Ndafunsa mabanja anayi a ana amene analandira Ulimbitso limodzi ndi mlongo wanga ngati pa zithunzi zawo iye akuonekako ngakhale kumbuyo. Pa chimodzi pali phewa la diresi loyera kumphepete. Ndinapita nacho kwa amayi, anachiyang'ana nthawi yaitali, anati si iye.

Sutikesi ija ikadali kunsi kwa bedi, ndipo mkazi wanga anandiuza kuti anawaona amayi akumasula mpango, kutsegula buku pa tsamba lomwe lija, kukhala nalo kanthawi, n'kukulunganso. Jekete yakuda ili pa msomali kuseri kwa chitseko, sindinaivalenso. Loweruka ndikapeza mpata ndimakwera minibasi kupita ku misika ya kunja kwa tauni. Ndafika ku Mitundu kanayi, ku Nsundwe kawiri. Ogulitsa ena anandizolowera, akandiona amayamba okha kundipatulira zofiirira. Ndimayamba kuyang'ana chigongono chakumanzere, kenako ndimapisa thumba la m'kati.